Chiwindi cha Nkhono

"Zabalalikanso," anatero Madamu, akuponya pepala pa tebulo langa. Pepalalo linatsetsereka n'kukaima pa beseni la nkhono, ngodya yake n'kuyamba kumwa madzi.

Ndinalichotsa ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali m'thumba la jasi langa loyera.

"Taonani nokha, a Singano. Nkhono iyi ndi iyi zinabadwa sabata imodzi, zakhala zikudya letesi mmodzi, nyongolotsi tinazipatsa tsiku limodzi. Iyi ikuti makumi anayi. Inzakeyi ikuti mazana atatu. Kodi zikundinyoza?"

"Nkhono sizinapite kusukulu, Madamu," ndinayesa nthabwala. Sanaseke.

Tinkawatchula Madamu chifukwa anali mphunzitsi wa sekondale, mayi wa ana atatu, amene anapatsidwa tchuthi cha zaka ziwiri kuti adzawonjezere maphunziro. Pa tchuthipo panali patangotsala miyezi itatu. Funso lawo linali losavuta kulinena. Nyongolotsi za likodzo zikalowa m'nkhono ya m'madzi, zimakakhazikika m'kachiwalo kamene ife m'labu timangokatchula kuti chiwindi, n'kumaswana momwemo. Chiwindicho ndicho chimapanga timadzi togaya chakudya, timene ophunzira amati maenzayimu. Madamu ankafuna kudziwa ngati timadzito timachuluka kapena timachepa alendowo akadzaza nyumba.

Ntchito tinaigawana motere. Ine ndinkaswa chigoba, kuchotsa chiwindi, chimene kukula kwake sikuposa kambewu ka mpunga, n'kuchiika m'kachubu pa ayisi. Iwo ankachisinja, kuchisakaniza ndi sitachi ndi mankhwala ena, n'kuwerenga manambala pa makina. Gawo langa linali ndi malamulo awiri okha. Usachedwe, chifukwa nyama ikafunda timadzi tija timatha mphamvu. Usaboole chifu, chimene chagona pafupi pomwepo, chifukwa zam'kati mwake zikadonthera pa chiwindi manambala amakwera ngati openga. Malamulo amenewa ndinali nditawasunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo dzina loti Singano linachokera pamenepo.

Tili chilankhulire analowa Pulofesa, amene ankayang'anira maphunziro a Madamu. Anatenga pepala lonyowa lija n'kuliyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, aka ndi kachitatu."

"Ndikudziwa, Pulofesa."

"Vuto lili m'dzanja. Kuyeza madontho si kulemba pa bolodi ndi choko. Mukasemphanitsa kadontho kamodzi, zonse zapita." Anandiloza ndi pepalalo. "Bambo awa anayamba kundichotsera ziwindi ndili wophunzira ngati inu. Ngati pali chinthu chimene sindichikayikira m'chipinda muno, ndi chimene chadutsa m'manja mwawo. Mukuona bwanji, a Singano?"

Madamu anandiyang'ana. Maso awo anali ofiira ndi kutopa.

"Mwina sitachi uja wakhalitsa, bwana," ndinatero.

Pulofesa anagwedeza mutu, nalamula kuti aitanitse wina. Mawu anga aja anadyera Madamu masabata awiri akudikira sitachi watsopano, pamene wakaleyo analibe mlandu.

Mwini mlandu anali m'thumba langa. Dzanja langa lamanja linayamba kunjenjemera chaka cham'mbuyo, ndi chala chachikulu chokha. Likakhala pa ntchafu linali dzanja labwinobwino, logona ngati mwana wokhuta. Koma likangoyandikira kanthu kakang'ono, basi layamba. Ndi maso wamba kunjenjemerako kunali kochepa. Pansi pa maikulosikopu, nsonga ya chopanira changa inkagwedezeka ngati nthambi pamphepo.

Palibe chimene sindinayese. Ndinasiya tiyi. Ndinamanga dzanjalo ndi mphira pamfundo. Ndinatsamiritsa chigongono pa mabuku. Ndinalitukwana chamumtima, tsiku lina ndinalimenyetsa pa tebulo mpaka linatupa. Kenaka ndinayamba kutseka chitseko pogwira ntchito, ndikunama kuti mphepo ya m'khonde imaumitsa nyama. Pa nkhono zitatu zilizonse, imodzi ndinkaiboola chifu. Ndinkapukuta ndi kapepala n'kuponya chiwindicho m'kachubu, ndikudziuza kuti kadontho kamodzi si kanthu. Zina zinkatuluka bwino, koma patapita mphindi khumi m'malo mwa ziwiri, zitafunda kale. Ndikatha ndinkalemba manambala pa timachubu, kutsegula chitseko, n'kupereka kwa Madamu ndi nkhope ya munthu wodziwa ntchito.

Loweruka lina masana ndinali pakhonde, mayi a kunyumba ali pa makina awo osokera. Iwo ndi telala. Maso awo anafooka kalekale, ndipo ntchito yolowetsa ulusi m'singano ya pamanja inali yanga kwa zaka zambiri. Ankangotambasula dzanja osandiyang'ana n'komwe, ine n'kulowetsa n'kubweza. Koma miyezi imeneyo ndinali nditaphunzira kuzemba. Ndikaona kuti afika pa mabatani, ndinkakumbukira kuti njinga ikufuna mpweya.

Tsiku limenelo anandipezerera.

"Khalani pansi, bambo. Njinga munaipopa dzulo."

Anandipatsa singano ndi ulusi woyera. Ndinanyambita nsonga ya ulusi n'kuyesa. Unadutsa kumanzere. Ndinayesanso, unadutsa kumanja. Kachisanu unapindika.

"Singano zamasiku ano timabowo take n'tachibwana," ndinatero.

"Imeneyo ndi yomwe ija ndinasokera diresi la ukwati wa mwana wanu." Anailanda n'kuibaya pa nsalu. "Makapu anga atatu mwaswa. Batani la pakhosi simukumanganso. Msuzi umathera pa tebulo. Mumayesa ndimakhala ndi mlendo m'nyumba muno? Ndimadikira kuti munene nokha."

"Ndi kutopa chabe."

"Kutopa kwa chaka chathunthu." Anaponda makina pang'ono n'kuimanso. "Tandiuzani. Mayi uja mumati manambala akumuvutayu, akumuvuta chifukwa cha iye kapena chifukwa cha inu?"

Ndinayang'ana kumsewu. Kunkadutsa munthu wogulitsa matsache.

"Ndimadziwa," anatero. "Nkhuyu mwadya ndinu, zikupota mwana wa eni."

Apo mtima unandipsa. "Inu mukudziwa chiyani za ntchito yanga? Ndikangonena, mawa andiika kotsuka mabotolo. Ine, amene anthu amachokera kutali kudzaona mmene ndimagwirira. Mukufuna ndikamalize zaka zanga ndi sopo m'manja?"

"Ndiye kuti inu musagwire sopo, mayi uja abwerere kwa ana ake chimanjamanja?"

"Sindinatero."

"Simunanene. Mukungochita." Anavala magalasi n'kuyamba kulimbana ndi singano ija okha, ataikweza kudzuwa. "Lolemba tipite kuchipatala."

"Lolemba ndili ndi nkhono."

"Nkhonozo zikanakhala ndi pakamwa zikanakupemphani kuti mupite."

Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Njinga ndinaipopabe, mpaka tayala linauma ngati mwala.

Lolemba ndinafika kuntchito nditakonza mawu. Ndinali nditawabwereza njira yonse. Koma nditalowa m'labu n'kuona jasi langa lili pa msomali wake, mawuwo anabwerera kumimba. Ndinaganiza zoti ndinene Lachitatu.

Madamu anali atafika kale. Anakhala pafupi ndi sikelo yaing'ono ya m'bokosi lagalasi, patsogolo pawo pali kapu ya madzi ndi kope.

"Mwadzuka bwanji, a Singano? Bwerani muone." Anatembenuza kopelo. Munali mizere ya manambala, onse ofanana ngati asilikali. "Ndayeza dontho la madzi ka zana, n'kumaliika pa sikelo. Ka zana. Dzanja langa silisemphanitsa. Makina ndawayesa ndi mankhwala odziwika kale mphamvu yake, ali bwino. Sitachi watsopano wabwera Lachisanu, ndamuyesa, zabalalika chimodzimodzi."

"Ndiye mwina nkhono zake..."

"Chatsala chinthu chimodzi chimene sindinachionepo ndi maso anga. Lero ndikufuna ndikhalepo pamene mukuchotsa chiwindi."

"Sindigwira ntchito munthu ataima pamsana."

"Ndikhala pambali."

"Madamu, ine ndinayamba ntchito imeneyi inu musanadziwe kuti nkhono ili ndi chiwindi."

"N'chifukwa chake ndikufuna ndiphunzire kwa inu," anatero mofatsa, akukoka mpando. Ndinazindikira kuti ndi mmene ankalankhulira ndi mwana wasukulu amene wabisa kanthu m'thumba.

Maikulosikopu yathu inali ndi poonera pawiri, pa mphunzitsi ndi pa wophunzira. Ndinatenga nkhono imodzi m'beseni la zopanda nyongolotsi. Chigoba ndinaswa bwino, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya mphamvu. Ndinachotsa zidutswa. Nyama inagona m'kambale, yopota ngati kamchira, chiwindi chili kunsonga, chifu chikuoneka chakuda pansi pa kakhungu kopyapyala. Ndinapuma mpweya wambiri n'kutsitsa chopanira.

Ndinachonderera dzanjalo chamumtima. Ndinati lero lokha, kamodzi kokha. Nsonga inayandikira, n'kuyamba kuvina. Ndinaibweza. Ndinatsitsanso. Ulendo wachitatu inalumpha yokha, ndipo kamtambo kobiriwira kanatuluka m'chifu n'kuphimba chiwindi chonse.

M'mabeseni mapampu a mpweya ankangoti bwibwibwi.

Madamu anachotsa maso pa maikulosikopu. "Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

"Ndisanayambe n'komwe kuyeza."

"Inde."

"Ndipo zoterezi mumaziika m'timachubu mwanga."

"Ndimapukuta kaye," ndinatero, ndipo ndinamva ndekha kupusa kwa mawuwo.

Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa. Anatseka kope lawo n'kuliika pa ntchafu.

"Mwana wanga wotsiriza anayamba sukulu ine kulibe. Anamuperekeza ndi mng'ono wanga. Ine ndinali pano, ndikudzifunsa ngati mutu wanga unauma ndi choko. Miyezi inayi, a Singano. Ndinafika polembera mwamuna wanga kuti mwina sukulu imeneyi si ya anthu ngati ine." Anaimirira. "Tsiku lija Pulofesa ananena za bolodi, inu munaima apo. Munati sitachi."

Anatuluka, chitseko n'kuchitseka bwinobwino.

Ndinapita ku mabeseni a nkhono zodwala n'kuziwerenga, ngakhale ndinkadziwa kale. Zinatsala makumi atatu ndi zinayi. Nkhono ya nyongolotsi siikhalitsa, ndipo sabata iliyonse tinkatola ziwiri kapena zitatu zitafa. Kulera zina, kuzipatsa nyongolotsi n'kudikira kuti zikhwime, kukanadya nthawi yonse imene Madamu anatsala nayo.

Masana omwewo ndinagogoda kwa Pulofesa. Ndinafotokoza zonse nditaimirira. Anavula magalasi, nkhope itasintha, ndipo ndinayesa kuti andifunsa za dzanja kapena za Madamu.

"Pepala lathu lija tinasindikiza," anatero pang'onopang'ono, "ziwindi zake munachotsa liti?"

"Dzanja lisanayambe, bwana."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

Anapuma ngati munthu amene galimoto yamuphonya. "Chabwino. Pepani ndi matendawo. Tiona pokuikani. Mayiwo muwauze kuti apitirize ndi zimene zatsala."

"Bwana, mayiwo ali chipinda chachiwiri kuchokera pano. Mawu aja a choko munanena ndinu."

"Ndinanena malinga ndi zimene ndinkadziwa," anayankha, akubwezera magalasi pamphuno. Kwa Madamuko sanapite. Ndinatuluka ndikukukuta mano, koma ndikanamunena bwanji munthu, ine amene ndinakhala chete miyezi inayi?

M'mawa mwake ndinapeza Madamu atakhala pa mpando wanga, chopanira changa chili m'dzanja lawo.

"Sindinakukhululukireni," anatero osatembenuka. "Koma wina wodziwa kulibe. Mundiphunzitse. Tiyambira zopanda nyongolotsi, popeza n'zambiri."

Masabata awiri otsatirawo anali owawa kuposa chaka chonse chobisala. Manja a Madamu anali okhazikika ngati mwala, koma sankadziwa kanthu. Anga ankadziwa zonse, koma ndinawakhalira. Apo m'pamene ndinazindikira kuti zimene ndinkachita zaka zonsezo zinalibe mawu. Kale ndikamaphunzitsa ndinkangoti, "Taonani," n'kuonetsa. Tsopano ndinatsala ndi pakamwa pokha.

"Kokani pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Pang'ono basi. Ngati mukusenda dzira losapsa bwino."

"Dzira ndimasenda ndi chikhadabo."

"Ayi, osati choncho, mwapitirira. Bwererani. Kumanzere. Kumanzere kwanu, Madamu."

Kamtambo kobiriwira. Nkhono ina. Kamtambo kenanso. Tsiku loyamba anaboola khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ine ndinkaona cholakwikacho chisanachitike, ngati munthu woona mbale ikugwa ali kutsidya kwa chipinda. Zala zanga zinkayenda zokha pansi pa ntchafu. Ulendo wina ndinalephera kupirira, ndinatambasula dzanja kuti ndilande chopanira. Anangoliyang'ana dzanjalo likunjenjemera pamwamba pa kambale, mpaka ndinalibweza.

"Mumaphunzitsa moipa," anandiuza tsiku lachinayi. "Mumanena chimene ndalakwa, osati chimene ndichite. Mukanakhala m'kalasi mwanga ndikanakubwezani ku koleji."

"Nanga ndinene bwanji?"

"Tsekani maso. Chitani m'mutu mwanu. Nenani chimene dzanja likumva, osati chimene maso akuona."

Ndinatseka maso, ndikudziona wopusa. Ndinati pali pamalo pamene nyama imakana, ndipo pali pamene imalola. Ukamva kukana usakoke, tembenuza nsonga, ulowe chammbali. Ndinalankhula nthawi yaitali. Nditatsegula maso anali akulemba.

Kuchipatala ndinapita sabata yomweyo, mayi a kunyumba atandigwira mkono ngati ndithawa. Mapiritsi amene anandipatsa amandithandiza kunyamula kapu. Chiwindi cha nkhono ayi, ndipo adokotala sanandinamize. Kotsuka mabotolo anandiikadi, pamodzi ndi kudyetsa nkhono, ndipo ndinakhalako zaka zitatu mpaka kupuma ntchito. Madamu anapeza ziwindi zoyera makumi awiri ndi chimodzi. Manambala anasiya kubalalika. M'nkhono zawozo, timadzi togaya sitachi tinali tochepa mwa zodwala kusiyana ndi mwa zabwino, ndipo Pulofesa anati n'zokwanira digiri koma n'zochepa kuti n'kuzisindikiza. Theka la funso lawo, la timadzi togaya zakudya zina, linatsala losayankhidwa. Kulemba anakamalizira kusukulu kwawo, pakati pa makope a ana.

Tsiku limene anagwira nkhono yodwala yoyamba linali Lachinayi m'mawa. Titangokonza ayisi, babu la maikulosikopu linapsa. Wosunga katundu anati lina lifuna fomu, fomuyo ifuna siginecha, ndipo mwini siginecha ali kumsonkhano mpaka Lolemba. M'beseni munali mutafa kale nkhono ziwiri m'mawa umenewo.

"Sitidikira," anatero Madamu.

Ndinakatenga nyali ya pa tebulo la mlembi. Khosi lake linali lothyoka, moti sinkaima yokha. Ndinaigwira ndi manja awiri n'kuilozetsa pa kambale, zigongono nditazipanikiza m'nthiti.

Madamu anaswa chigoba. Ndinaika diso poonera pachiwiri. Chiwindi cha nkhono yodwala sichifanana ndi chabwino. N'chotuwa, chotupa, chofewa ngati nsalu yovunda, ndipo timatumba ta nyongolotsi tadzaza paliponse ngati ulusi wosokonekera. Pamwamba pa zonsezo kuwala kwa nyali yanga kunkayenda, kupita kumanzere, kubwerera, kupitanso.

"Pepani," ndinatero. "Ndiitane wina adzagwire."

"Khalani chete, a Singano."

Nsonga ya chopanira inaima m'malere. Kuwala kutachoka, anadikira. Kutabwera, analowa chammbali n'kukoka pang'ono. Kunachokanso, anaima. Kunabwera, anadula. Anapitiriza choncho, akuwerenga kunjenjemera kwanga ngati munthu wolowa m'chingwe chimene ena akupukusa, mpaka chiwindi chinanyamuka chathunthu, chifu chili chakuda ndi chotseka pamalo pake.

"Kachubu," anatero, maso akadali pa maikulosikopu.

Manja anga onse awiri anali pa nyali. Anadikira pang'ono, kenaka anatambasula dzanja lawo lamanzere n'kukatenga okha.